Kuika Sensa Yopanda Waya pa Makina a M'fakitale

M'fakitale yaikulu iliyonse, monga yopanga shuga, ya simenti kapena yoyenga mafuta, muli zinthu zambiri zimene ziyenera kuyesedwa usana ndi usiku. Amisiri afuna kudziwa kutentha kwa zitsulo zozungulira, mphamvu ya nthunzi m'mapaipi, kuchuluka kwa madzi m'mathanki, ndiponso kunjenjemera kwa mamota. Kale munthu ndiye anali kuyendera makina onse ndi kabuku ndi pensulo, nalemba zimene waona. Ndipo mmisiri wokhalitsa pa ntchito anali kukhudza mota ndi chikhatho, kapena kugunditsa kachitsulo pa makinawo naika khutu lake ku mapeto ena, kuti amve ngati m'katimo muli bwino. Masiku ano ntchito yambiri yotere igwiridwa ndi tizipangizo ting'onoting'ono totchedwa sensa, ndipo tina mwa timeneti titumiza miyeso yake pa mafunde a wailesi, popanda waya. M'nkhani ino tifotokoza m'mene kachipangizo kotere amakaikira. Anthu ambiri aganiza kuti waya akachoka, ntchito nayonso yachoka, ndi kuti chotsala ndi kungomanga bawuti basi. Sizili choncho ayi. Ntchito imene waya anali kugwira iyenera tsopano kugwiridwa ndi nzeru za woikayo, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo ichitika iye asanagwire nkomwe sipanala.

Kuti nkhani isabalalike, titenge chitsanzo chimodzi, ndicho kuyesa kutentha ndi kunjenjemera kwa bearing. Aliyense amene anamasulapo habu ya njinga anaona timipira tachitsulo tokhala m'girisi, timene tichititsa kuti gudumu lizungulire mosavuta. Imeneyo ndiyo bearing, ndipo m'fakitale zilimo mazanamazana, m'mamota, m'mapampu ndi m'zogudubuza za malamba onyamula katundu. Girisi akauma, kapena fumbi likalowamo, timipira tija tiyamba kukhulana ndi chitsulo; pamenepo bearing iyamba kunjenjemera mopitirira, pambuyo pake itentha, ndipo potsiriza iuma gwa kapena iphwanyika. Pa njinga vuto lotere lingomuyendetsa munthu wapansi, koma m'fakitale lingathe kupha anthu. Pa 7 February 2008 fakitale yoyenga shuga ya kampani ya Imperial Sugar ku Port Wentworth, m'chigawo cha Georgia ku America, inaphulika, ndipo anthu 14 anafa. Bungwe la boma la dzikolo lofufuza ngozi zotere linapeza kuti fumbi la shuga linadzaza m'kati mwa chivundikiro chachitsulo cha lamba woyenda pansi pa nkhokwe za shuga, ndi kuti chimene chiyenera kuti chinayatsa fumbilo ndi bearing yotentha kwambiri. Ife amene tili ndi mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa tidziwe kuti shuga yemweyo amene tithira mu tiyi, akakhala fumbi losalala loyandama mumpweya, ayaka ngati wonga.

Njira yakale yotumizira muyeso ndiyo ya mawaya awiri, ndipo igwirabe ntchito m'mafakitale ambiri. Magetsi oyenda m'mawayamo asinthasintha pakati pa mamiliampere 4 ndi 20. Nambala 4 itanthauza muyeso wotsika kotheratu, ndipo 20 wokwera kotheratu. Wina angafunse kuti, nanga analekeranji kuyambira pa 0? Yankho lake ndi lanzeru ndithu. Muyeso wotsika ukadakhala 0, munthu wa m'chipinda choyang'anira makina sakadatha kusiyanitsa thanki youma ndi waya woduka. Koma popeza thanki youma ionetsa 4, akaona 0 adziwa kuti waya ndiye wavuta. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Rosemount ku America inapanga njira yotchedwa HART, yoyendetsa mauthenga enanso a manambala pa mawaya omwewo. Komabe waya adya ndalama. Si mtengo wa waya wokha ayi, koma kukumba ngalande, kuboola makoma, kudutsa misewu ndi kukwera pamwamba pa mathanki. Chifukwa cha ichi makina ambiri a kutali ndi chipinda choyang'anira anali kukhala osayesedwa, kufikira ataonongeka. M'chaka cha 2007 kunatuluka WirelessHART, ndiyo HART yopanda waya, ndipo mu 2010 inavomerezedwa kukhala muyezo wa maiko onse wa nambala IEC 62591. Zilipo njira zinanso, monga ISA100.11a ya mu 2009, koma ife titsata ya WirelessHART, pakuti malamulo a kaikidwe kake ndi osavuta kuwalongosola.

M'mene Tizipangizoti Tilankhulirana

Sensa yopanda waya ili ndi chomvera, kakompyuta kakang'ono, kawailesi ndi kamlongoti kake, ndiponso batire. Chomvera kutentha kawirikawiri ndi kawaya ka platinum, kamene kakaniza magetsi mochuluka pamene kakutentha: pa madigiri 0 kakaniza ndi maohm 100, ndipo pa madigiri 100 ndi maohm pafupifupi 138.5. Zomvera kunjenjemera zina zili ndi kamwala kotulutsa magetsi pang'ono kakapanikizidwa, chinthu chimene Pierre Curie ndi mbale wake Jacques anachitulukira ku France mu 1880. Miyeso yonse ipita ku bokosi limodzi lokhala ndi magetsi okhazikika, limene amisiri alitcha gateway, ndiko kunena chipata, pakuti ndi pamene mauthenga alowera kupita ku makompyuta a fakitale. Ifenso tizilitcha chipata.

Kawailesi ka m'sensa ndi kofooka kwambiri. Mphamvu yake ndi mamiliwati 10 okha, kuti batire isathe msanga. Nanga uthenga wake ufika bwanji kutali? Ganizani za ana a sukulu akututa njerwa kuchokera pa uvuni kupita pamene akumanga. Palibe mwana woponya njerwa mtunda wonsewo, koma aima pa mzere napatsirana, aliyense kwa mnzake woyandikana naye. Tizipangizoti tichitanso chimodzimodzi: kalikonse katumiza miyeso yake, ndiponso kalandira ya anzake nkuipitiriza kutsogolo. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Pa mzere wa ana, mmodzi akachoka njerwa ziima. Pamene tizipangizoti sitiima pa mzere, koma tilukana ngati ukonde, kotero kuti njira imodzi ikatsekeka uthenga upita njira ina. Chipata ndicho chikonza njira zimenezi, nichizisintha pakafunika.

Chikonzanso nthawi yolankhula. Sekondi iliyonse igawidwa m'tizigawo 100, ndipo kachipangizo kalikonse kauzidwa kachigawo kamene kayenera kulankhula ndi kamene kayenera kumvera. Nthawi ina yonse kawailesi kake kagona. Inu amene mwayamba kale kulemba ndondomeko ya maphunziro a sabata mudziwa kuti aphunzitsi awiri sangapatsidwe chipinda chimodzi nthawi imodzi. Ntchito ya chipata ndi yomweyo, kungoti mapiriyodi ake ndi aafupi koposa kuphethira kwa diso. Mafunde amene agwiritsidwa ntchito ndi a 2.4 GHz, omwewo a Wi-Fi ndi Bluetooth, ndipo m'menemo WirelessHART ili ndi tinjira 15. Uthenga uliwonse upita pa kanjira kena, modumphadumpha, kuti kanjira kamodzi kakakhala ndi phokoso uthengawo ubwerezedwe pa kena.

Ntchito Yoyamba Ndi ya Pensulo ndi Miyendo

Tsono tifike pa kaikidwe. Choyamba mmisiri atenga mapu a fakitale ojambulidwa pa sikelo, naika chizindikiro pa makina onse ofunika kuyesa. Ayenera kudziwa kuti mafunde a 2.4 GHz ndi aafupi, pafupifupi masentimita 12.5, ndipo khalidwe lake lifanana pang'ono ndi la kuwala: akagunda chitsulo abwerera monga kuwala kubwerera pa kalilole, ndipo madzi awameza. Fakitale ndi nyumba yodzaza ndi zitsulo ndi madzi omwe, motero palibe malo ovuta kwa wailesi koposa amenewa. Malangizo a kampani ya Emerson, imene ipanga zipangizo zambiri za mtundu umenewu, anena kuti pamene tizipangizo tiwiri tionana bwino popanda chotchinga tingamvane pa mtunda wa mamita pafupifupi 230. Pamene pali zotchinga zochepa, mamita 150. Pamene pali makina ambiri koma galimoto ingathe kudutsa pakati pake, mamita 75. Ndipo pamene mapaipi ndi mathanki athithikana kwambiri, mamita 30 okha. Onani kusiyana kwa 230 ndi 30. Munthu amene angowerenga nambala yaikulu yolembedwa pa katoni, naika tizipangizo take motalikirana m'kati mwa mapaipi, adzadabwa poona kuti theka la ito lili chete.

Mmisiri atenga kampasi, nayesa mtunda woyenera pa sikelo ya mapu aja, najambula bwalo kuzungulira kachipangizo kalikonse. Pamenepo awerenga anansi ake, ndiwo tizipangizo tina timene tagwera m'kati mwa bwalolo. Malangizo omwe aja apereka malamulo atatu. Kachipangizo kalikonse kakhale ndi anansi osachepera atatu, kuti mmodzi akadwala pakhalebe njira ziwiri. Tizipangizo tosachepera tisanu tikhale tomvana ndi chipata mwachindunji. Ndipo ukonde ukakula, timene timvana ndi chipata mwachindunji tikhale tosachepera gawo limodzi mwa magawo anayi a tonse. Lamulo lomalizali lili ndi chifukwa chomveka: mauthenga onse a ukonde wonse atsirizira pa tizipangizo toyandikana ndi chipata, ndipo tikakhala tochepa tilemedwa ndi katundu wa anzake, mabatire ake natha msanga. Pamene papezeka kachipangizo kosowa anansi, aikapo kena pakati, kamene ntchito yake ndi kungopitiriza mauthenga. Ndinene pano modutsa kuti ntchito yonseyi ya sikelo ndi kampasi ndi masamu omwe aja a m'makalasi apamwamba a pulaimale, amene ana ena afunsa kuti adzawathandiza chiyani.

Mapu okha sakwana. Mmisiri ayenera kuyenda ndi miyendo yake kukaona malo, pakuti mapu sasonyeza mulu wa matumba umene waunjikidwa dzulo, kapena malole amene aima pakhomo tsiku lonse kudikira katundu. Ndibwinonso kuganizira za nyengo. Mtengo umene uli mbee m'chilimwe udzakhala ndi masamba odzaza madzi m'dzinja, ndipo bwalo limene lili poyera pamene fakitale yapumula lidzadzaza pamene ntchito yayamba. Ine ndiona kuti kuyendera malo kumeneku ndiko kofunika koposa zonse, ndipo ndiko kumene anthu ofulumira akonda kukudumpha.

Poyendapo afunsenso za ngozi ya moto. Malo a m'fakitale amene mungakhale mpweya woyaka agawidwa m'magulu otchedwa Zone 0, Zone 1 ndi Zone 2, ndipo a fumbi loyaka, monga la shuga, la ufa kapena la malasha, ndiwo Zone 20, Zone 21 ndi Zone 22. Nambala yochepa isonyeza kuti choyakacho chipezekapo nthawi yambiri. Chipangizo cholowa m'malo otere chiyenera kukhala ndi chizindikiro cha Ex ndi chiphaso chosonyeza gulu limene chiloledwa, monga cha ATEX cha ku Ulaya kapena cha IECEx cha maiko onse. Zambiri zipangidwa mwakuti magetsi a m'kati mwake ndi ochepa kwambiri, osatha kutulutsa mphaliphali yoyatsa kanthu ngakhale chipangizocho chitaonongeka. Kungakhale kupusa koopsa kuika chipangizo choteteza ku moto chimene icho chomwe chingayatse motowo. Ndiponso, popeza ndi wailesi, chiyenera kukhala chololedwa ndi bungwe loyang'anira mafunde a wailesi m'dzikomo, limene kwathu kuno ndi MACRA.

Chipata Chiyamba, Tizipangizo Pambuyo

Zonse zikakonzeka pa pepala, choyamba kuikidwa ndi chipata. Mlongoti wake uimikidwa chilili, pamalo okwera, ndipo ngati nkotheka pakati pa tizipangizo tonse osati kumphepete. Mlongoti wa panja ufuna chotetezera ku mphezi cholumikizidwa bwino ndi nthaka, ndipo polumikizira waya wake pakulungidwe ndi tepi yoletsa madzi. Wayayo asanalowe m'khoma apindidwe pang'ono kulozetsa pansi, kuti madzi a mvula otsetsereka pa iye adonthere panja m'malo molowa m'nyumba. Chipata chipatsidwe magetsi osazimazima, okhala ndi batire yothandiza magetsi akathima, pakuti icho chikagona ukonde wonse wagona. Kuchokera pamenepo chilumikizidwa ndi makompyuta a fakitale pa waya, kawirikawiri mwa njira yotchedwa Modbus, imene inayamba mu 1979 ndipo igwirabe ntchito. Taonani kuti ngakhale m'ntchito yopanda waya, waya sanathe kotheratu.

Kachipangizo kalikonse kasanapite ku makina kapatsidwa zinthu zitatu: dzina lake, nambala ya ukonde, ndi mfungulo yolowera. Dzina likhale lomwe lija lili pa mapu ndi pa makinawo, kuti amene adzawerenga miyeso adziwe kumene ikuchokera. Nambala ya ukonde ithandiza kuti kasasochere kulowa ukonde wa chipata china choyandikana. Mfungulo ndi mndandanda wachinsinsi wa zilembo ndi manambala 32, ndipo popanda iyo chipata sichilandira mlendo aliyense. Mauthenga onsenso abisidwa mwa njira yotchedwa AES, kuti wakuba womvera panja pa mpanda asamve kanthu. Zitatuzi zilowetsedwa ndi kachida ka m'manja kolumikiza ndi waya pa benchi, kuti mfungulo isaulutsidwe poyera. Mfungulo imene inabwera ndi chipangizo kuchokera kwa ochipanga iyenera kusinthidwa, chifukwa yotere ingadziwike kwa anthu ena. Kuisiya kuli ngati kugula loko pamsika pamene anthu ena ali ndi makiyi ake.

Batire isaikidwe chipata chisanayambe kugwira ntchito. Kachipangizo kakadzuka kayamba kumvetsera kufuna ukonde, ndipo kakapanda kuupeza kapitiriza kufunafuna, batire nkumatha pachabe. Mwa chifukwa chomwecho tizipangizo tidzutsidwa motsatana, kuyambira toyandikana ndi chipata kupita kutali, kuti kalikonse kakadzuka kapeze mnansi wolowa kale woti akalondolere.

Tsopano mmisiri apita ku makina. Asanakhudze kanthu atenga chilolezo cholembedwa kwa woyang'anira chigawocho. Ngati ntchito ili pafupi ndi zozungulira, mota izimitsidwa, ndipo pa swichi yake aikapo loko wakewake ndi chikwangwani cha dzina lake, kiyi nasunga m'thumba mwake, kuti wina asayatse makina iye ali pomwepo.

Malo enieni omangapo sensa afuna kuwaganizira mofatsa, pakuti apa ndi pamene ntchito zambiri zionongekera mwakachetechete. Sensa imva za chinthu chimene yakhudza basi. Ikamangidwa pa chivundikiro chopyapyala cha fani ya mota, idzamva kunjenjemera kwa lata lija, ndipo lata linjenjemera ngakhale bearing ili bwinobwino. Ikamangidwa kutali, kuseri kwa zitsulo zingapo zolumikizana ndi mabawuti, kunjenjemera kwa bearing kudzakhala kutazilala kusanaifike. Malo oyenera ndi pa chitsulo chochindikala chimene chasunga bearing yeniyeniyo, pafupi ndithu, ndiponso mbali imene kulemera kwa shafiti kukukankhira. Pamalopo apala penti ndi dzimbiri kufikira chitsulo chitaoneka, pakhale posalala ndi pathyathyathya, pakuti ngakhale kamchenga kamodzi kokhala pakati kangachititse sensa kugwedera, nkumanena zabodza.

Njira zomangira zilipo zitatu. Yoposa zonse ndi kuboola kadzenje kosazama, kudula mazinga ake ndi kumangirapo sensa ndi kabawuti, molimba monga m'mene opanga analamulira. Pamene kuboola sikuloledwa, amata kachitsulo kokhalapo sensa ndi guluu wolimba wa zitsulo. Yachitatu ndi maginito. Maginito ndi abwino poyesa kwa kanthawi, ndipo anthu awakonda chifukwa safuna chida chilichonse. Koma sapitiriza bwino kunjenjemera kofulumira kwambiri, pamene kunjenjemera kofulumirako ndiko kuyamba kuoneka bearing ikangoyamba kudwala. Ndiko kunena kuti sensa ya pa maginito ingathe kuphonya chenjezo loyambirira lenilenilo limene tinaigulira. Ndiponso chinthu chongomata ndi maginito chisuntha mosavuta. Wosesa akachichotsa nachibwezera pena, miyeso ya lero siyerekezekanso ndi ya dzulo.

Pa za kutentha pali zinanso zofunika kusamala. Sensa yokhala padzuwa idzaonetsa kukwera masana ndi kutsika usiku ngakhale makina asanasinthe, motero ndibwino kuiika kumthunzi kapena kuipangira kadenga, koma kadengako kasatchinge kamlongoti. Mabokosi ambiri a zipangizozi anapangidwa kupirira kutentha kosapitirira madigiri 85, ndipo batire ifooka msanga pamalo otentha. Chifukwa chake pa zinthu zotentha kwambiri, monga mapaipi a nthunzi, chomvera chokha ndicho chikhudza chitsulo, bokosi nalikhala chapatali.

Kamlongoti kaimirire chilili monga mlongoti wa chipata, katalikire khoma kapena chitsulo chachikulu ndi theka la mita kapena kuposapo, ndipo kasakhale pafupi ndi nthaka. Koposa zonse kasatsekeredwe m'kabati yachitsulo. Michael Faraday anasonyeza mu 1836 kuti mphamvu ya magetsi ya kunja silowa m'chipinda chokutidwa ndi chitsulo, ndipo mafunde a wailesi nawonso alephera kudutsa. Mungayese nokha: ikani foni m'chitini chachitsulo chotsekeka bwino, nimuiimbire, kawirikawiri siilira. Pamene bearing ili m'kati mwa chivundikiro chachitsulo, monga zija za pansi pa nkhokwe za shuga, chomvera chilowa m'kati pa waya wamfupi, koma kawailesi kakhala kunja.

Funso lotsatira ndi lakuti, kodi kachipangizoka kazilankhula kangati? Zipangizo zambiri zilola kusankha kuyambira kamodzi pa sekondi kufikira kamodzi pa ola. Tiwerengere pamodzi. Kolankhula kamodzi pa mphindi katumiza mauthenga 1,440 pa tsiku. Kolankhula kamodzi pa sekondi katumiza 86,400. Uthenga uliwonse udya batire pang'ono, osati ya kameneka kokha komanso ya anansi onse oupitiriza. Mabatire ake ndi a lithium, osatchajidwa, ndipo opanga ena anena kuti pa kulankhula kamodzi pa mphindi angakhale zaka 10 pamalo osatentha kwambiri. Pa sekondi iliyonse zakazo zichepa kwambiri. Munthu watsopano pa ntchito akonda kusankha kufulumira, poganiza kuti miyeso yambiri ndiyo nzeru zambiri. Koma chitsulo chochindikala sichisintha kutentha m'sekondi imodzi, ndipo bearing idwala kwa masabata kapena miyezi isanafe. Kaganizidwe koyenera ndi kufunsa kuti chinthu chikuyesedwacho chisintha mofulumira bwanji, ndi kusankha molingana ndi icho.

Kutsimikiza

Kachipangizo kakalowa mu ukonde, dzina lake lioneka pa kompyuta ya chipata, koma ntchito siinathe. Mmisiri aona anansi amene kapeza, ngati afikadi atatu monga mapu analonjeza, ndi kuchuluka kwa mauthenga ofika bwino, amene pa ukonde wabwino apitirira 99 mwa 100 alionse. Ayesa kutentha kwa chitsulo chomwecho ndi choyesera cha m'manja, nayerekeza ndi nambala ya pa kompyuta. Atsimikizanso kuti dzina lagwirizana ndi makina ake: mmodzi agogoda pang'ono pafupi ndi sensa kapena aifunditsa, wina nayang'ana dzina limene lasintha pa kompyuta. Zingaoneke ngati zachibwana, koma mapampu awiri ofanana oima pamodzi ndi osavuta kuwasinthanitsa maina, ndipo zikatero amisiri adzamasula pampu yabwino, yodwalayo ikupitiriza kuzungulira.

Pambuyo pake makina asiyidwa kuti ayende masiku angapo, kapena masabata, ali bwino, kuti adziwike khalidwe lake la masiku onse. Mota iliyonse ili ndi kutentha kwake ndi kunjenjemera kwake, malinga ndi kukula kwake, katundu wake ndi maziko ake. Nambala imene ili yachilendo pa mota ina ingakhale yachizolowezi pa inzake. Malire ochenjezera aikidwa poyang'ana khalidwe limeneli pamodzi ndi malangizo a opanga makina. Akaikidwa pansi kwambiri, chenjezo lilira tsiku ndi tsiku popanda chifukwa, ndipo anthu azolowera kulizimitsa osayang'ana. Akaikidwa pamwamba kwambiri, lilira bearing itapsa kale. Palembedwenso poyera dzina la udindo wa munthu amene chenjezo lizimufikira, usiku ndi pa Sabata pomwe, ndi chimene ayenera kuchita.

Tinenenso chimene zipangizo zimenezi sizichita bwino. Uthenga wodumpha pa anansi angapo, umene nthawi zina uyenera kubwerezedwa, ungachedwe ndi masekondi. Pa kuyang'anira bearing kuchedwa kotere kulibe kanthu. Koma pa chinthu chofunika kuzimitsa makina nthawi yomweyo kuti anthu apulumuke, monga nthunzi ikakwera mopitirira m'boila, amisiri ambiri adalirabe waya, ndipo ine ndiganiza kuti achita bwino.

Fakitale siikhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Amanga thanki yatsopano, aimika makwerero achitsulo pokonza denga, asuntha makina akale. Chilichonse cha zimenezi chingatseke njira imene inali yotseguka tsiku loika, ndipo popeza ukonde udzikonza wokha, palibe amene azindikira msanga. Mauthenga angokhota nafikabe. Vuto lake ndi lakuti njira zingachepe pang'onopang'ono kufikira tizipangizo tambiri ta mbali imodzi tidalira kamodzi kokha, monga midzi ya kutsidya idalira mlatho umodzi. Kameneko kagwira ntchito ya onse, batire yake nitha msanga koposa ya anzake, ndipo tsiku limene ithera mbali yonseyo ikhala chete nthawi imodzi. Kompyuta ya chipata isonyeza malo otere kwa amene aiyang'ana. Chifukwa chake mmisiri aunika mndandanda wa anansi ndi wa mabatire nthawi ndi nthawi, makamaka pakamangidwa chinthu chatsopano, ndipo akapeza mlatho umodzi wotere abwerera ku mapu ndi kampasi, naika kachipangizo kena kopitiriza mauthenga pamalo okwera, pamene kangaonane ndi mbali zonse ziwiri.